Pikapu ya a Butchala

Pikapu ya a Butchala inali yakale kuposa ukwati wawo. Ankakonda kunena pamaso pa alendo kuti mwa akazi awo awiri, amene sanawakhumudwitsepo ndi wa matayalayo. Alendo ankaseka. Mkazi wawo nayenso ankaseka, poti akapanda kuseka, alendo akapita nkhani inkakhala ina.

Nyengo yadzuwa galimotoyo inalibe vuto. A Butchala ankapita nayo kumafamu akumapiri n'kubwera ndi ng'ombe kapena mbuzi zitamangidwa kumbuyo. Mkaziyo ankatsala m'butchala, kudula nyama, kuyeza pasikelo ndi kuingitsa ntchentche mpaka mkono kuwawa. Koma mvula ikangoyamba, pikapu inkaonetsa ukalamba wake. Inkakoka ndi matayala akumbuyo okha. Ikafika pamtunda woterera, akumbuyowo ankangozungulira n'kumamwaza matope, akutsogolo ali phee ngati alendo osadziwa mlandu.

Tsiku lina inatitimira mpaka m'mimba. Amene anadzaikoka ndi chingwe anali butchala wakutsidya kwa msewu, mdani wawo pamalonda, yemwe anali ndi galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Alimi anaima m'mbali kuonerera, ndipo wina anafuula kuti, "Agogowa atopa, ingowaberekani!" Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

A Butchala anafika pakhomo matope ali mpaka m'makutu. Mkazi wawo atawafunsa ngati awatenthetsere madzi, anamuponyera nsapato.

Sabata yotsatira kunabwera lole itanyamula galimoto yangozi, yamtundu womwewo ndi pikapu yawo koma yokoka ndi matayala anayi. Denga lake linali litaphwatalala mpaka kukhudza mipando. Anaitsitsira pomwe mayiyo ankayanika zovala. Atasuzumira mkati anaona mpango wa munthu wamkazi utakodwa pachitsulo cha chitseko, uli ndi madontho akuda.

"Bambo, mmenemu munafera anthu," anatero.

"Ndagula zitsulo, sindinagule anthu. Chotsa chingwe chakocho."

Madzulo akudya, anamufotokozera mmene ntchito iyendere, osati kuti amve maganizo ake koma poti panalibe wina womuuza. Adzamasula kutsogolo konse kwa pikapu n'kuikapo difu ya galimoto yangoziyo, chitsulo chozungulitsa matayala, kuti matayala akutsogolo nawonso azikoka. Kumbuyo kwa giyabokosi adzamangirira kabokosi kena kogawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Pansi pa kabini adzaboola kuti patulukire ndodo yachiwiri ya giya. Zowotcherera adzachita Magalasi, mmisiri wakumsika yemwe sankavula magalasi akuda ngakhale pamthunzi. Zina zonse adzachita okha.

"Ndikadzamaliza, uyo wakutsidyayo ndidzamukoka ine. Ndidzamukoka ngakhale asanatitimire."

Kuyambira pamenepo nyumba inasanduka galaji. Giyabokosi inagona patebulo lodyera, iwo n'kumadyera pamiyendo. Beseni lochapira linadzaza mabawuti oviikidwa mu dizilo. Poto wamkulu, amene mayiyo anapatsidwa ndi amayi ake, anakhetseramo oyilo wakuda. Akaweruka kubutchala, miyendo itatupa, mayiyo ankagwada pambali pa galimoto kupopa jeke ndi kupereka masipanala. Akapereka yolakwika, inkabwerera ikuuluka.

"Ndati yaikulu! Mutu wa nkhuku uwu. Ngakhale nkhuku imadziwa chimanga ndi mwala."

Sipanala ina inamutema pamwamba pa diso. Kwa ogula nyama ananena kuti anagunda mbedza yopachikira nyama, ndipo iwo anavomera msanga ngati anthu amene akufuna nkhaniyo ithe.

Ntchito isanapite patali, atangochotsa matayala akutsogolo ndi masipuling'i, mchimwene wake wa mayiyo anaimba foni. Amayi awo anadwala mwakayakaya, akupuma movutika, ndipo kwawoko kunalibe galimoto yowatengera kuchipatala. Msewu wakumeneko unali wouma. Pikapu yakaleyo ikanafika bwinobwino, ndipo kubwezeretsa zimene zinamasulidwa inali ntchito yoti dzuwa lisanapendeke yatha.

Anakagwada pafupi ndi miyendo ya mwamuna wake, yomwe inkaonekera kunsi kwa galimoto.

"Bambo, chonde, bwezeretsani matayala. Tikangowatenga amayi, mudzamasulanso."

"Ndibwerere m'mbuyo chifukwa cha chifuwa cha nkhalamba? Amayi akowo chaka chilichonse amafa, chaka chilichonse amadzuka."

"Ndiye ndipite ndekha pabasi, ndikaone chochita."

"Nanga nyama yomwe ili pambedza agulitse ndani? Iwole?"

Nkhani inamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Butchala wakumenekoyo anaoloka, chipewa chili m'manja, n'kuima pageti. Anati galimoto yake ilipo, mafuta alimo, akhoza kunyamuka nthawi yomweyo. A Butchala anatuluka kunsi kwa pikapu, n'kupukuta manja mwapang'onopang'ono.

"Wandikoka ine, tsopano ukufuna ukokenso mkazi wanga? Akangokwera galimoto yakoyo, asadzatsikenso pakhomo pano."

Mayiyo anaima pakati pa geti ndi khonde, chikwama chili kale kukhwapa. Anayang'ana mlendoyo, anayang'ana mwamuna wake, kenako anabwerera m'nyumba n'kukachipachika. Mawa lake mchimwene wake anawakweza amayi awo pangolo. Anamwalira asanafike pamsewu waukulu.

Kumaliro a Butchala anapita, pabasi, girisi ali m'zikhadabo. Anthu akubalalika, anaima n'kumayang'ana chitunda chakuseri kwa nyumba ya malemu, n'kuuza mlamu wawo mosangalala kuti, "Mukuona apo? Chaka chamawa ndidzakwera pamenepo mvula ikugwa." Mlamuyo anangoyang'ana pansi. Mayiyo anamva zonse. Atabwerera kwawo anapitiriza kupopa jeke ndi kupereka masipanala, ndipo tsopano sankalakwitsanso.

Linali Lamlungu m'mawa, oyandikana nawo atapita kukapemphera, pamene a Butchala anaganiza zomangirira difu yakutsogolo. Anakweza galimoto pa jeke, n'kuika njerwa kunsi kwa chesesi, chimango chachitsulo cha galimotoyo, mbali zonse. Bawuti imodzi inakana kulowa. Mayiyo ali kukhitchini anawamva akuitukwana, kenako akuimenya ndi hamala. Anamva njerwa ikuti tswa, chitsulo chikuti gugudu, ndiye kunangoti zii. Patapita kanthawi kunamveka mawu amene sanawamvepo chikwatiwire, mawu aang'ono, ngati a mbuzi imene yaona mpeni.

Anatuluka mbale ili m'manja. Pikapu inali itagwada chakutsogolo. Jeke anali atagwera pambali. Mwamuna wake anali chafufumimba, mutu ndi mapewa zili panja, chitsulo cha chesesi chitawapana m'chiuno. Nkhope yawo inali m'fumbi, diso limodzi likumuyang'ana.

"Jeke," anatero. "Imika jeke. Popa."

Mayiyo ankadziwa poika jeke. Anali atamupopa mpaka manja kuchita zikang'a. Anaika mbale pakhonde mosamala kuti isasweke, n'kuyandikira, n'kunjuta pafupi ndi mutu wawo.

"Jeke uti, bambo? Wofiira kapena wakuda?"

"Aliyense! Iwe, fulumira!"

"Iii, ine ndi mutu wangawu? Ndingaike polakwika n'kukupwetekani. Izi n'zofunika odziwa. Ndikaitane a Magalasi."

"Usapite. Mayi, chonde. Miyendo sindikuimva."

Chikwatiwire sanamutchulepo kuti mayi. Anawayang'ana bwinobwino, mmene ankayang'anira nyama asanaidule, ndipo anapeza kuti mumtima mwake muli phee ngati madzi a mumtsuko.

"Pirirani," anatero. "Ndikubwera."

Analowa m'nyumba. Sakanayenda pamsewu ndi zovala zotsukira mbale, choncho anasintha diresi, anapesa tsitsi, anafunafuna nsapato zogwirizana. Mawu aang'ono aja ankalowa pawindo, iye n'kukankha windolo. Potuluka anatseka geti ndi loko, kuopa akuba. Sanadzere njira yachidule yapakati pa nyumba, anatsata msewu waukulu. Anakumana ndi mayi wogulitsa makala, anapatsana moni, anafunsa za ana, anafunsa za mwendo wa amuna awo. Atafika pakona pomwe nyumba ya Magalasi inkaonekera, anavula nsapato n'kuyamba kuthamanga akukuwa. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti misozi inabwera yeniyeni, yambiri, mpaka kumutsamwitsa. Ankalira akuitana amayi ake, ndipo anthu anaganiza kuti ndi mmene munthu amalirira akasokonezeka.

Amuna anathamanga, anathyola loko, ananyamula galimoto ndi manja. Amene anawatengera a Butchala kuchipatala anali wakutsidya kwa msewu uja, atawagoneka kumbuyo pomwe ankanyamulira ng'ombe.

Dokotala anati msana wathyoka chakumunsi, ndipo sadzayendanso. Mayiyo anafunsa ngati zikanasintha akanawachotsa msanga. Dokotala anakweza mapewa. "Mwina. Sitingadziwe, mayi. Musadziimbe mlandu, munachita zimene mukanatha."

M'chipatalamo mayiyo anakhala chitsanzo. Ankawasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwadyetsa ndi sipuni, kutaya zonyansa osakwinya nkhope. Anamwino ankauza akazi ena kuti aphunzireko. Mng'ono wawo wa a Butchala atabwera kudzazonda, wodwalayo anamukoka malaya n'kumunong'oneza zonse, za jeke, za diresi, za windo. Mng'onoyo anacheuka. Mlamu wake anali atagwada, akupukuta pakati pa zala za kuphazi za mkulu wake.

"Achimwene, ululu wakusokonezani mutu. Mkazi ngati uyu mukamupeza kuti?"

"Asiyeni, alamu," anatero mayiyo mofatsa. "Usiku amanena zoposa pamenepa. Ine ndinazolowera."

A Butchala anauza abusa, anauza Magalasi, anauza aliyense wokhala pafupi ndi bedi. Onse ankagwedeza mutu mwachisoni n'kukamupepesa mkaziyo panja. Pamapeto pake anasiya kunena.

Atatuluka m'chipatala, mng'ono uja anabwera ndi maganizo oti magalimoto onse awiri agulitsidwe kwa ogula zitsulo, poti ndi atsoka. Mayiyo anakana. Anati ntchitoyi inali pamtima pa achimwene anu, ndiimaliza ine. Abale anachita chidwi, ena mpaka kugwetsa misozi.

Magalasi anabwera ndi makina ake. A Butchala ali kuchipinda ankamva kulira kwa chowotcherera, kugunda kwa hamala, ndi kuseka kwa mkazi wawo, kuseka kumene sankakudziwa. Ankafuula malangizo kudzera pawindo, kuti ayeze kaye pulopela, ndodo yopititsa mphamvu kumatayala, asanaidule, kuti aone ngati mano a difu yakutsogolo akufanana ndi a yakumbuyo. Mayiyo ankalowa n'kuwafunditsa bulangeti mpaka m'khosi.

"Musamadzivute, bambo. Dokotala anati muzipumula." Akatero ankatseka windo.

Kuyendetsa anamuphunzitsa ndi wakutsidya kwa msewu. Panalibe china pakati pawo, munthuyo anali ndi banja lake ndipo ankangomva chisoni. Koma mayiyo sanaone chifukwa chowauzira a Butchala zimenezo. Ankabwera madzulo akununkhira sopo watsopano, n'kunena akuwatembenuza kuti, "Koma bambo uja ndi woleza mtima. Ndikalakwitsa giya amangogwira dzanja langa n'kuliika pamalo pake." A Butchala ankaluma pilo.

Mvula itagwa yokwanira kuononga misewu, mayiyo ananyamuka yekha kupita kumafamu. Atafika patsinde pa mtunda umene galimoto inatitimira chaka chatha, anaima. Matope anali ofiira, akuyenda ngati phala. Anagwira ndodo yachiwiri ija n'kuikoka mpaka inati kwatsa. Ataponda mafuta, pikapu inanjenjemera, kenako inagwira pansi ndi matayala onse ngati mphaka pamtengo, n'kuyamba kukwera. Sinaterereke ngakhale pang'ono. Alimi anatuluka m'makola kudzaona, ena akuomba m'manja. Atafika pamwamba anazimitsa injini n'kuseka yekha mpaka m'nthiti kuwawa. Anavomera mumtima kuti pankhani ya zitsulo mwamuna uja mutu unkagwira. Zonse anaganiza bwino.

Anafika kunyumba ndi ng'ombe yonenepa. Galimoto anaiimika kuseri, komwe windo lachipinda silinkaona. Atalowa anapeza a Butchala atadzikoka ndi zigongono mpaka kutsamira khoma, maso ali mwaa ngati mwana wodikira mphatso.

"Yakwera?"

"Chiyani, bambo?"

"Galimoto! Pamtunda paja. Unakoka ndodo ija? Akutsogolo anagwira?"

"Aa, ndinadzera msewu wina. Ndodo yanu ija ndinaiiwala n'komwe."

Tsiku lililonse akabwera kumapiri ankafunsa, ndipo tsiku lililonse yankho linkakhala lina. Lero kunalibe matope, lero sindinayang'ane, lero ndatopa tikambe mawa. Alendo amene akanawauza zoona ankabwezedwa pakhonde, poti odwala akugona. Kenako anasiya kufunsa za mtunda n'kuyamba kupempha chinthu chimodzi.

"Undinyamule undikhazike m'kabini. Ngakhale isayende. Ndingogwira ndodoyo."

"Mawa, bambo. Lero kukuzizira."

Mawa lake kunkatentha kwambiri, kapena munkanunkha mafuta, kapena panalibe wothandiza kunyamula. Mwamuna amene ankagwetsa ng'ombe ndi nkhwangwa kamodzi anayamba kulira poyera, misozi ikutsikira m'makutu. Mkazi wake ankaipukuta ndi kansalu koyera, kosita bwino.

Malonda anayenda. Mayiyo ananenepa, anagula firiji yaikulu, analemba wantchito wodula nyama. Anthu pamsika ankati Mulungu amadalitsa mkazi wopirira.

Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, yemwe anakwatiwa kutali ali wamng'ono pothawa ukali wa bambo ake, ndipo sankabwera kawirikawiri. Chaka chimenecho anabwera ndi khanda kuti agogo alione, akuti akhala mwezi. Masiku oyamba mayi ndi mwana ankacheza kukhitchini n'kumaseka. Mwanayo sankawamvera chisoni kwenikweni bambo ake, anali ndi zipsera zakezake. Koma masana ena ataima pakhomo lachipinda, anaona amayi ake akubweretsa kapu ya madzi. Anaiika patebulo lapambali pa bedi, n'kuyang'ana kutalika kwa mkono wa wodwalayo, kenako anaikankha pang'ono ndi chala chimodzi. Bambo ake anatambasula dzanja. Nsonga za zala zinkangokhudza kapuyo osaigwira. Sanadandaule. Anayesanso mwakachetechete, ngati munthu wozolowera.

Mwanayo analowa n'kuwapatsa kapuyo m'manja. Anamwa mogugudiza, madzi akutayikira pachifuwa.

"Waona?" anatero amayi ake. "Amanyowetsa zofunda. Wochapa ndine."

"Amayi, zimenezi mumachita tsiku lililonse?"

"Ziti?"

Mayiyo anafunsa moona, nkhope ili bwinobwino, ndipo n'zimene zinamuopsa mwanayo. Anayang'ana amayi ake nthawi yaitali. Kenako anapita kukatenga khanda lake pamphasa n'kulibereka, ngakhale linali mtulo.

M'mawa mwake anapezeka atalongedza. Anati bambo a mwana aimba foni, akumufuna msanga. Mayiyo anatenga makiyi kuti akamusiye kudepoti.

"Musavutike, amayi. Ndiyenda."

"Ndi katundu yenseyu? Ndi mwana kumbuyo? Matope ali thoo mumsewumu."

"Ndiyenda."

Mayiyo anafuna kulinyamulako khandalo komaliza, koma mwana wake anatembenuka ngati akukonza nsalu, n'kutuluka pageti. Mayiyo anamuyang'ana akuzemba zithaphwi mpaka anakhota pakona. Mwanayo sanacheuke.

Mayiyo anakhala pampando wapakhonde makiyi ali m'manja. Anayesa kukumbukira chimene analakwira mwanayo, osachipeza. Kuchipinda kunamveka mawu aang'ono aja, akupempha kuti wina adzawatembenuze, mbali imodzi yachita dzanzi.

"Ndikubwera, bambo," anayankha mokoma.

Anavula nsapato, anatambasula miyendo, n'kumaonerera mvula ikuyambanso.